Tikufuna malo oyenda pansi mosatopetsa kufupi ndi Lilongwe, odutsa m'zitunda ndi m'midzi ya mbiri yakale

Mayi wa ku Area 25 analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino madera a Lilongwe ndi Dedza. Bambo anga, amene tsopano apitirira zaka 70, analangizidwa ndi adokotala kuti aziyenda pansi kawirikawiri chifukwa cha matenda othamanga magazi, koma kuzungulira m'misewu ya m'tauni muno kwawatopetsa, popeza fumbi, magalimoto ndi njinga zamoto za kabaza siziwapatsa mpata woyenda mtima uli m'malo. Iwo anakulira kumudzi, ndipo chimene amalakalaka ndi kanjira kodutsa m'minda ndi m'mphepete mwa madambo, kokwera ndi kutsika pang'onopang'ono, kumene munthu angathe kuima n'kulonjerana ndi anthu.

Ndinene mosabisa kuti sitikufuna kukwera phiri. Ndikafunsa anzanga kuntchito, onse amathamangira kutchula Mulanje ndi Zomba, ena mpaka Sapitwa, ngati kuti ulendo wokoma ndi wokhawo wokafika pansonga. Mawondo a bambo sangalole zimenezo, komanso tidzakhala ndi ana awiri a kupulayimale. Tikufuna kuyenda kwa maola awiri kapena atatu, pamalo amene tingapiteko m'mawa kuchokera ku Lilongwe n'kubwerako dzuwa lisanalowe, ndipo pakhale china cha makedzana choti tione, chifukwa bambo amakonda kwambiri mbiri ndipo ine ndikufuna kuti adzukulu awo aimve ataima pamalo penipenipo.

Kodi ndi malo ati amene mungatilangize, ndipo ndi miyezi iti imene ili yabwino? Nanga munthu akamadutsa m'midzi ya eni ake, kodi ayenera kuyamba waonekera kwa mfumu, kapena angathe kungotsata njira monga amachitira wapaulendo aliyense?

Mkulu wa mpingo, Nkhoma, anayankha kuti:

Mayi, yankho langa ndi Nkhoma, ndipo sindikutero chifukwa choti ndi kwathu kokha ayi, koma chifukwa zonse zimene mwatchula zikupezeka pamalo amodzi. Kuchokera ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50: mutsata msewu wa M1 wolowera ku Dedza, mudutsa Nathenje, ndipo mukafika pa Kamphata mukhotera kumanzere n'kutsata msewu wa phula mpaka pa mishoni. Galimoto yaing'ono imafika popanda vuto ngakhale m'nyengo ya dzinja.

Galimotoyo muisiye pafupi ndi tchalitchi kapena chipatala, ndipo ola loyamba mulithere pamishoni pomwepo, mukuyenda pakati pa nyumba zakale za njerwa zootcha ndi mitengo ikuluikulu ya mthunzi. Bambo anu akakhala okonda mbiri, pamenepo sadzafulumira. Atumwi a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anayamba ntchito yawo ku Mvera m'chaka cha 1889, motsogozedwa ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ndipo Nkhoma inatsegulidwa mu 1896 m'dziko la mfumu Mazengera. Nthawi imeneyo anthu a Mazengera ankakhala pamwamba m'phirimo, pakati pa miyala, chifukwa choopa nkhondo za Angoni, ndipo anayamba kutsikira m'chigwa pamene nkhondozo zinkazilala. Pambuyo pake likulu la mishoni linasamutsidwa kuchoka ku Mvera kubwera ku Nkhoma, chipatala chinayamba mu 1915, ndipo mu 1926 mpingo wa kuno unalowa m'chigwirizano cha CCAP. Sukulu ya sekondale ya William Murray, imene mudzaione pamenepo, inatchedwa dzina la mtumwi amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922. Ana ambiri amawerenga bukulo sabata ndi sabata osadziwa kuti mbiri yake ikukhudza malo amene angathe kukapondapo ndi mapazi awo.

Mukatha pamishoni, tengani njira yolowera kutsinde kwa phiri. Njirayo imakwera mosakakamiza, ikudutsa m'minda ya chimanga ndi mtedza ndi pakati pa nyumba za anthu, ndipo mukatembenuka mudzaona zitunda zikutsatizana mpaka kutali, apa ndi apo patatumphuka phiri la mwala lokhalokha. Pamalo amenewo ndi pamene nkhani ya Mazengera imamveka bwino, chifukwa kumbuyo kwanu kuli matanthwe amene anthu ankabisalamo, pamene kutsogolo kwanu kuli nthaka yabwino imene ankaiyang'ana ali kumwamba koma osatha kuilima mwamtendere. Mufunseni mwana kuti amayi a nthawi imeneyo ankakweza bwanji mtsuko wa madzi pamiyala yotereyo, ndipo mudzaona kuti wayamba kuganiza.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti muime pamene minda yathera ndi pamene miyala ikuluikulu yayambira. Kumtunda kuli kanyumba kogonamo alendo okwera phiri, ndipo achinyamata adzakuuzani kuti ndi pafupi. Kwa iwo ndi pafupidi, koma chikweza chake si cha munthu wodandaula mawondo, ndipo kutsika ndi kumene kumapweteka kuposa kukwera. Pansonga penipeni pamafuna kugwira ndi manja, choncho musayese n'komwe. Pobwerera musatsate njira imene munadzera, koma funsani kanjira kotsikira m'midzi ya m'munsi kuti mukatulukire kumsika, kumene mungapume n'kugula nthochi.

Mphunzitsi wopuma pantchito, Dedza, anayankha kuti:

Zimene anena akuluwa za Nkhoma n'zoona, ndipo kwa ulendo woyamba sindingatsutse. Komabe mbiri ya dera lino sinayambe ndi njerwa za amishoni, ndipo ngati bambo anu amakondadi za makedzana, ayenera kuona Chongoni, kumene kuli zojambula za pamiyala zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Malo ojambulidwawo alipo 127, omwazikana m'mapiri ndi m'zitunda za dera la masikweya kilomita oposa 126, ndipo ambiri ali m'mapanga ndi pansi pa miyala yotsamira, m'nkhalango ya Chongoni ndi m'mphepete mwake.

Zojambulazo zili mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kuwauza ana zimenezi musanafike, kuti akadziwe chimene akuyang'ana. Zofiira ndizo zakale kwambiri: ndi mizere, timadontho ndi zozungulira, ndipo zimatchulidwa kuti ndi ntchito ya Akafula, anthu osaka nyama ndi otola zakutchire amene anali kuno Achewa asanakhazikike. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi dothi loyera, nthawi zambiri pamwamba pa zofiira zija. Zina mwa zoyerazi ndi zifaniziro za zamoyo zotambasula miyendo, zooneka ngati buluzi kapena ng'ona ukaziyang'ana kuchokera kumwamba, ndipo zinkagwirizana ndi chinamwali cha atsikana, pamene anamkungwi ankalangiza anamwali kutali ndi maso a mudzi. Zina ndi zilombo za nyau, monga kasiyamaliro, ndipo akatswiri amazilumikiza ndi nthawi imene gule ankaponderezedwa, poyamba ndi Angoni, kenako ndi amishoni ndi boma la atsamunda, moti anthu ankakachitira zinthu zawo m'mapanga. Apa ndiye pamene ulendo wa ku Nkhoma ndi wa ku Chongoni umakumanirana, chifukwa mpingo umene akulu athuwa akuunena unali m'gulu la olimbana ndi nyau, ndipo munthu amene waona malo onse awiri amamvetsa bwino kukokanakokana kumene kunali m'midzi yathu zaka zana zapitazo.

Tsono si malo onse amene ali oyenera bambo anu. Atatu ndiwo amene alendo amapitako kawirikawiri, ndiwo Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Namzeze muisiye, ngakhale kuti zilombo zake n'zooneka bwino, chifukwa pamafunika kukwera nthawi yaitali. Chentcherere ndi pafupi ndi boma la Dedza, potsata msewu wafumbi wodutsa pa Dedza Pottery kulowera kusukulu ya zankhalango, ndipo kuchokera pamene galimoto imaima ndi kachikweza kakafupi kodutsa m'mitengo ya masuku ndi ya mombo. Phanga la kumeneko linakumbidwa ndi katswiri wofufuza zakale J. Desmond Clark mu 1972, ndipo munapezeka zida za miyala ndi mafupa osonyeza kuti anthu anakhalamo kalekale. Chokhumudwitsa n'chakuti anthu osaganiza bwino analembalemba maina awo ndi makala pamwamba pa zojambulazo, ndipo ine monga mphunzitsi ndimachita manyazi, chifukwa zilembozo zikuonetsa kuti olembawo anapita kusukulu.

Ine ndikanasankha Mphunzi. Phiri la Mphunzi lili kumadzulo kwa M1, ndipo mumafikako pamsewu wafumbi wodutsa m'midzi ndi m'madambo, koma ubwino wake ndi wakuti malo angapo ojambulidwa ali cha kutsinde, moti mumayenda kuchoka pamwala wina kupita pa wina mukuzungulira phiri m'malo molikwera. Pakati pa malo amenewa mumadutsa m'minda, mumakumana ndi abusa a mbuzi ndi amayi ochokera kudimba, ndipo pafupi pomwepo pali mishoni yakale ya Mphunzi, imene ndi ya Sinodi ya Nkhoma yomwe ija. Pitani ndi woperekeza wa m'deralo, chifukwa zojambula zina n'zozilala ndipo munthu wachilendo angadutse pamwala osazindikira kuti pali kanthu. Muwauze ana kuti asakhudze ndi manja ndipo asathire madzi pofuna kuti zioneke bwino pachithunzi, chifukwa zimenezi ndi zimene zimafafaniza utoto.

Za miyezi, ine ndikuti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mvula imakhala itatha, misewu yafumbi yauma, anthu akolola moti m'minda mumaoneka patali, ndipo dzuwa silimawawa. Koma kumbukirani kuti tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo phiri lake limafika mamita 2,198, choncho m'mwezi wa Juni ndi Julayi kumazizira kwenikweni ndipo m'mawa kumagwa nkhungu. Bambo avale juzi ndi chipewa, ndipo musayambe kuyenda isanakwane 9 koloko. Kuyambira Seputembala tchire limakhala litapsa, mphepo imanyamula phulusa la lupsa, ndipo mu Okutobala kutentha kumalanda chisangalalo chonse. M'malo a thengo la m'mbali mwa mitsinje muchenjere ndi chitedze, makamaka ana, amene amakonda kugwira chilichonse cholendewera.

Bambo wa ku Mtakataka anayankha kuti:

Ndingowonjezerapo Mua, ngakhale ndikudziwa kuti kupita ndi kubwerera tsiku limodzi kuchokera ku Lilongwe kungawatopetse achikulirewo, moti ndi bwino kugona komweko. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902, m'munsi mwa mapiri otsikira kunyanja, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni, ndipo nyumba yosungiramo zakale ya Chamare imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao mwatsatanetsatane kuposa kwina kulikonse kumene ndinaonako. Kuyenda kwake n'kofewa, chifukwa mumazungulira tchalitchi, munda wa mitengo, malo a osema ziboliboli ndi m'mphepete mwa mtsinje, ndipo mukafuna mungapitirire m'midzi ya m'chigwa, kumene kuli milambe m'malo mwa mapaini a ku Dedza.

Kwa munthu wokonda mbiri, dera lino lili ndi chinthu china chachikulu, chifukwa kufupi ndi Mtakataka ndi kumene kunali Mankhamba, likulu la Kalonga wa Amaravi. Katswiri wa kwathu konkuno, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo ndipo anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, minyanga ya njovu ndi zinthu zamkuwa, zimene zikusonyeza kuti makolo athu ankachita malonda ofika kutali. Ndikuchenjezeni kuti pamalopo palibe zipupa kapena nyumba zoti muone, ndi minda chabe, choncho ana angakhumudwe ngati simuwakonzekeretsa. Kuno ndi kotentha, ndiye bwerani mu Juni kapena Julayi, ndipo potsika msewu wa Khwekhwerere wochokera pa Masasa kupita ku Golomoti muyendetse mosamala, chifukwa uli ndi makona ambiri.

Mayi wa ku Linthipe anayankha kuti:

Achemwali, abambowa akuuzani kopita, koma funso lanu lomaliza sanaliyankhe, ndipo kwa ine ndilo lofunika kuposa ena onse. Njira ya kumudzi ndi ya aliyense, ndipo palibe amene adzakuletseni kudutsa ngati mukungodutsa, bola mupereke moni kwa amene mwakumana nawo ndipo musadule pabwalo la nyumba ya munthu popanda kunena kuti "zikomo" kapena "odi". Koma mukafuna kusiya galimoto pamudzi, kuchoka m'njira kuti mukaone phanga, kapena kukhala pansi n'kumadya pamalo ena, pamenepo yambani mwaonekera kwa nyakwawa. Si nkhani yaitali: mumafunsa nyumba ya amfumu, mumakhala pansi, mumanena kumene mwachokera ndi chimene mwadzera. Poti muli ndi bambo achikulire, asiyeni iwo ndiwo alankhule, ndipo mudzaona kuti amfumu adzakupatsani mnyamata wokuperekezani, mwinanso adzayamba okha kufotokoza mbiri ya mudziwo, imene simungaipeze itakhomedwa pachikwangwani chilichonse.

Chachiwiri n'chakuti m'dera lathu lino, mukaona kankhalango kowirira katatsala kokha pakati pa minda yolambulidwa bwino, musathamangireko kuti mwapeza mthunzi. Kawirikawiri amenewo ndi manda, ndipo kumanda kapena pafupi nako ndi kumene kumakhala dambwe. Munthu wosameta salowako, ndipo ngakhale wometa wa mudzi wina amayamba wapempha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho funsani musanapatuke. Miyezi imene aphunzitsi akulangizani, makamaka cha mu Ogasiti kupita m'tsogolo, ndi imenenso gule amachuluka chifukwa cha ziliza ndi zinamwali, ndiye n'zotheka kukumana ndi chilombo panjira. Mukachiona chikubwera, patukani mupereke njira, ana muwagwire pamkono kuti asathawe mobalalika kapena kuseka, ndipo ngati chaima, ikani kandalama pansi, osati m'manja mwake. Musachijambule popanda chilolezo cha amene akuchiperekeza. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, koma kwa eni mudzi si chionetsero cha alendo, ndi mwambo wa mizimu.

Inuyo mutenge chitenje, ngakhale mutavala buluku loyendera, kuti mumange pofika kwa amfumu kapena mukapeza maliro panjira. Mukapeza maliro, musapitirire mukucheza mokweza. Bambo avule chipewa, mudutse mwakachetechete, ndipo ngati njirayo ikudutsa pasiwa penipeni, khalani pansi kanthawi mupepese. Za ndalama, woperekeza mugwirizane naye musananyamuke kuti pasakhale kukangana pobwerera. Ndikupempheninso kuti musagawire ana a m'midzi masiwiti kapena ndalama, chifukwa chizolowezi chimenechi chaononga midzi ina imene alendo amapitako kawirikawiri, moti ana amasiya sukulu n'kumadikira magalimoto. Ngati mukufuna kusiya kanthu, gulani mbatatesi, kabichi kapena nyemba kwa amayi a kumeneko.

Mkulu wa mpingo, Nkhoma, anawonjezera kuti:

Aphunzitsi anena zoona kuti mpingo wathu unalimbana ndi nyau, ndipo sindikufuna kubisa zimenezo. Mpaka lero chiphunzitso chathu sichinasinthe pankhaniyi. Koma mlendo woyenda m'midzi sapita kukaweruza mlandu umenewo, ndipo malangizo a mayi a ku Linthipe ndi amene ifenso timawapereka kwa alendo athu, chifukwa midzi yozungulira Nkhoma ili ndi madambwe ake monga ya ku Dedza. Ndingokumbutsa kuti mukabwera Lamulungu mudzapeza pamishoni podzaza ndi anthu a mapemphero, choncho Loweruka m'mawa ndi pamene mungayende momasuka.

Mayi wa ku Area 25 analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka achemwali a ku Linthipe, chifukwa za kankhalango ka pakati pa minda ana anga obadwira m'tauni sakanazidziwa. Ndawawerengera bambo mayankho onse, ndipo asankha kuti tiyambe ndi Nkhoma mwezi wa Juni, kenako Mphunzi mawondo akalola. Ndatsala ndi funso limodzi kwa aphunzitsi: galimoto yathu ndi yaing'ono komanso yotsika, kodi ingafike ku Mphunzi, nanga woperekeza timupeza kuti?

Mphunzitsi wopuma pantchito, Dedza, anayankha kuti:

Mayi, m'chilimwe galimoto yaing'ono imafika ngati woyendetsa ali wodekha, koma msewuwo umakhala ndi mabampu ndi mikwasa imene madzi a dzinja anasiya, ndiye muwerengere nthawi yochulukirapo kuposa imene mtunda wake ukuonetsa, ndipo mvula ikangoyamba musayese ndi galimoto yotsika. Ngati mwaona kuti msewu wavuta, Chentcherere ndi malo abwino osinthira, ndipo mukatha kumeneko mungakapume ndi kudya pa Dedza Pottery, pamene pakhala pakuumbidwa mbale ndi makapu kuyambira 1987, ndipo ana amasangalala kuona oumba ali pantchito.

Malo a Chongoni amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zakale ndi zipilala, choncho mungayambe mwafunsa ku ofesi yawo ku Lilongwe musananyamuke, kuti akuuzeni woyang'anira amene ali pamalopo. Mukafika ku Mphunzi popanda kupangana ndi munthu, imani pamishoni kapena pamudzi wa kutsinde kwa phiri n'kufunsa amene amaonetsa alendo zojambula, chifukwa anthu a kumeneko amamudziwa. Mafuta a galimoto muthiretu ku Lilongwe kapena pa boma la Dedza, madzi akumwa mutenge okwanira anthu nonse, ndipo bambo muwapezere ndodo yolimba ndi nsapato zogwira pansi, chifukwa udzu wouma wa pamwala umaterera kuposa matope.